Ofesi ya Mkamwini Kuseri kwa Nthochi

A Vitorino akhala akujambula mapulani a nyumba za anthu kwa zaka zambiri, koma mpaka chaka chatha analibe ngakhale khola la nkhunda loti n'kuliloza ndi chala kuti ili ndi langa. Mukadutsa pa Chitakale kapena pa Nkando n'kuona sitolo ya khonde lalitali, kapena nyumba ya mphunzitsi wopuma ntchito yokhala ndi mazenera otakasuka, musadabwe kumva kuti mizere yake yoyamba inachokera m'manja mwawo. Koma eni manjawo amagona m'nyumba ya akazi awo, pamalo a apongozi awo, cha ku Likhubula kuno. Ndi mkamwini, ndipo chikamwini chawo n'chopanda kothawira.

Anabwera m'dziko muno ali kumsana kwa mayi awo, nkhondo ya ku Mozambiki itawasamutsa kuseri kwa Milanje. Bambo awo sanawoloke nawo mtsinje wa Muloza. Mayiwo anathyola tiyi pa esiteti zaka zochepa n'kutsikira kulichete mwana asanamere ndevu, ndipo pamene anthu ankakwera malole kubwerera kwawo nkhondo itatha, mwanayo analibe woti akamufikire. Amene anamulera ndi kalipentala wina wa pa esitetipo, yemwe anaona kuti mwana uyu akagwira pensulo mzere sukhota, n'kumukankhira kusukulu ya ntchito zamanja. N'chifukwa chake akamwini anzawo akamadzitama pa bawo kuti, "Ine akanditopetsa ndingopinda bulangete langa, ulendo wa kwathu," a Vitorino amaseka nawo ndi mano okha. Bulangete ali nalo, koma kopita nalo kulibe.

Zimene zinkawasunga pamudzipo zinali ziwiri: ntchito ndi ulemu. M'mawa uliwonse akazi awo, mayi Jenifer, ankawasitira malaya, iwo n'kumanga tayi, kukoleka kumsana chimpaipi chakuda chosungiramo mapulani, n'kukwera njinga. Mapulani masiku ano amayenda pa foni, moti chimpaipicho nthawi zambiri chimanyamula chinangwa chootcha cha nkhomaliro, koma zimenezo ndi za iwo ndi akazi awo. Ana ankawakuwira kuti "A Pulani! A Pulani!" ndipo dzinalo linawakanirira mpaka kutchalitchi. Mwamuna wotuluka pakhomo atamanga tayi palibe amamutuma kukafolera khola la mbuzi.

Ulemuwo unali wa kwa apongozi awo aakazi, aNangondo, mayi amene anakalambira m'minda ya tiyi ndipo sanataye kanthu n'kamodzi komwe ka makolo. Masiku ano kuli apongozi ojambulitsa zithunzi atakolekana mikono ndi akamwini awo. ANangondo amati zimenezo ndi za anthu osalangidwa. Kwa iwo mkamwini ndi apongozi saonana maso ndi maso, sadyera pamodzi, sakhala bwalo limodzi. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina. Mwambowu sunkavuta aliyense, poti a Vitorino ankachoka mame asanakamuke n'kubwera nkhuku zikulowa. Zaka zonsezi awiriwa ankalemekezana kwambiri, aliyense akudziwa msana wa mnzake.

Tsoka linachokera kuofesi, ndipo linabwera likumwetulira. Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ina yogulitsa simenti pa Chitakale, ndipo mwini wake ndi a Ganizani, katswiri wachinyamata wa zomangamanga amene anakaphunzira kunja n'kubwerako ndi mtima wabwino komanso nzeru yatsopano mwezi uliwonse. Anayamba ndi kugwetsa makoma a matabwa ogawa zipinda kuti onse azionana. Kenako anachotsa mipando ina n'kuikapo zimatumba zofewa zoti munthu ukakhalapo sudzuka popanda wokukoka. Kenako analetsa mawu oti bwana.

"Muno tonse ndife banja limodzi. Muzingoti Ganizani basi."

A Vitorino anayesa, lilime linakana. Anagwirizana zoti azinena kuti "bwana Ganizani", ndipo aliyense mwa awiriwo anaona ngati wapambana.

Lachisanu lina chimanga chitangolowa m'nkhokwe, a Ganizani anaima pakati pa ofesi maso akuwala. Anati dziko lasintha, munthu sayenera kumangiriridwa pa desiki ngati mbuzi pachikhomo. Kuyambira Lolemba aliyense azigwirira ntchito kumene akufuna, nthawi imene akufuna, bola mapulani azituluka. Kuofesi azingokumana Lachisanu. Mtsikana wina amene anali ndi khanda kunyumba anatsala pang'ono kuimba nthungululu, ndipo palibe angamunene, kwa iye unalidi mpumulo. Zoti theka la ofesi anali atalilonjeza kale kwa mayi wina wokonza tsitsi, a Ganizani anaiwala kuzitchula.

Anzawo atatuluka, a Vitorino anatsalira akupotokola tayi.

"Bwana Ganizani, ine ndimati ndizibwerabe. Kunyumba kuja..."

"Madala, inu ndiye mwachita mwayi kuposa tonsefe! Pansi pa phiri la Chambe, mpweya wabwino, ana ali pafupi. Kunyumba kwanu ndi kwanu, palibe wokuuzani chochita. Umenewo ndiye ufulu."

A Vitorino anayang'ana pansi. Ungayambire pati kufotokozera mwana wokulira m'tauni kuti pali kunyumba kwina kumene si kwako? Anathokoza, nanyamula laputopu ya kampani.

Lolemba anadzuka, navala malaya opanda tayi, n'kuyamba kusaka netiweki. M'nyumba munalibe. Pakhonde inkabwera n'kuthawa. Anazungulira bwalo lonse foni ili m'mwamba ngati wogulitsa nthochi pawindo la minibasi, mpaka anaipeza yokwanira bwinobwino pansi pa mtengo wa mapeyala, pakati penipeni pa bwalo. Anakokerapo tebulo ndi mpando. Chimene sanaganizire, poti masana a pakati pa sabata sankawadziwa pakhomopo, n'chakuti pamenepo ndi pamene aNangondo ankaswera tsiku lililonse pamphasa yawo, akutong'ola chimanga ndi kulonjera aliyense wodutsa.

Mayiwo anatuluka mphasa ili kukhwapa, naona msana wa mkamwini pansi pa mtengo wawo. Anaima pang'ono, n'kubwerera m'nyumba. Tsiku limenelo anaswera m'katimo, mawa lakenso chimodzimodzi. Akafuna kupita kukhitchini kwa mwana wawo ankazungulira kuseri, kudzera m'munda wa chinangwa wa eni, ndi miyendo yawo yotupayo. Zikavutitsitsa ankatsokomola ali pakhomo, ndipo a Vitorino ankakwatula laputopu n'kuthamangira kuseri kwa khola la mbuzi mpaka mayiwo atadutsa.

Tsiku lina chifuwacho chinamveka a Vitorino ali pakati pa msonkhano wa pakanema ndi abusa ena ofuna pulani ya holo ya mpingo. Abusawo anangoona mitambo, kenako nthochi zikuthamanga, kenako nkhope ya tonde akubzikula, ndipo pambali pake a Vitorino atanyonyomala akupitiriza kufotokoza za kutalika kwa denga ngati palibe chachitika. Lachisanu a Ganizani anaisimba nkhaniyi misozi ikutuluka ndi kuseka.

"Mwaona? Izi ndi zomwe ndimanena! Ntchito ikuyenda ngakhale kukhola. Madala awa atiphunzitsa tonse."

Kumudzi nkhani inamveka mwina. Munthu wa pantchito sapezeka pakhomo Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Amayi kumjigo anayamba kupepesa mayi Jenifer ndi mawu otsika, ena mpaka kuwagawira timasamba. Mayi Jenifer akati ntchito ilipo, angoti azigwirira kunyumba, amayiwo ankagwedeza mitu mwachisoni, poti mkazi wabwino amabisa manyazi a mwamuna wake. Bambo wina atasonyezedwa laputopu anati, "Komabe mabwana anuwo ali ndi umunthu, amwene. Akusiyiraniko kakanema koti ana azisangalala." Maliro akagwa, uthenga woti kumanda kukufunika manja unayamba kufika ndi kwa a Pulani omwe. M'mawa wina anapeza khasu latsopano litatsamira tebulo lawo, wolibweretsa osadziwika.

Zonsezi akanapirira. Koma aNangondo anayamba kufooka. Munthu wozolowera dzuwa ndi macheza ankaswera m'chipinda cha kazenera kamodzi, chakudya n'kumangochilawa. Sanadandaule kwa wina aliyense. Anangonena tsiku lina, akulankhula ndi mwana wawo koma mokweza kuti mawu akafike pabwalo:

"Jenifer, mtengo uja ndinabzala ndekha iwe uli kumsana. Lero ndikuuonera pazenera ngati wa eni."

Loweruka lotsatira kunabwera a Yakobo, mlongo wawo wa mayi Jenifer, amene ndiye mwinimbumba pabanjapo. Anakhala pampando, navula chipewa n'kuchiveka bondo.

"Alamu, ine sindinabwere ndi mlandu ayi. Ntchito imatha, si inu oyamba."

"Sinathe, alamu. Angotipatsa ufulu woti..."

"Eya, ufuluwo tauona. Koma mayi asanduka mkaidi pakhomo pawo pomwe. Bwalo limodzi silingasunge anthu awiri othawana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wina ayenera kupatuka, nde mayi ndi eni nthaka. Mwina mukanakapumako kwanu kaye, zinthu zikakhala bwino tidzakambirana."

A Yakobo anati kwanu osaganiza, monga anganenere kwa mkamwini aliyense. A Vitorino anachita mantha enieni, mantha amene anali atawaiwala kuyambira tsiku limene malole aja anachoka n'kuwasiya. Anaona Isabel, mwana wawo, akusewera fulaye ndi anzake pamsewu, ndipo ankadziwa bwino kuti bambo akachoka pachikamwini, mwana ndi wa pamudzi.

A Yakobo atapita, mayi Jenifer anadzakhala pambali pa amuna awo.

"Bambo a Isabel, bwanji simunawauze achimwene kuti kwanuko kulibe? Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

"Akudziwa, mayi a Isabel. Mudzi wonse ukudziwa. Ndikanena ndekha nde kuti ndikupempha chifundo."

"Nanga ine ndigawike pawiri? Uku mayi, uku inu."

Lolemba a Vitorino anapalasa njinga mpaka pa Chitakale kukapempha desiki yawo. Pamene inkakhala anapezapo amayi atalowetsa mitu m'zimakina zoumitsira tsitsi, akuseweretsa mafoni. A Ganizani anawamvetsera mwachifundo chonse, dzanja lili paphewa.

"Madala, ofesi si malo, ofesi ndi maganizo. Vuto lanu ndi chizolowezi chabe. Muzolowera pang'onopang'ono."

Pang'onopang'onoyo a Yakobo sakanamudikira. Ndiye a Vitorino, munthu wopatsidwa ufulu wogwirira ntchito kunyumba, anayamba kuthawa kunyumbako. M'mawa mayi Jenifer, amene okha ankadziwa chinsinsicho, ankasita malaya, iwo n'kumanga tayi, chimpaipi kumsana, ulendo. Akafika pa Likhubula, pamene onyamula katundu wa alendo okwera phiri amadikirira, ankatsamiritsa njinga n'kukhala pa kabenchi pansi pa mtengo, laputopu pamaondo. Batire ikatha ankakatchajitsa kwa ometa tsitsi. Kumudzi mitima inakhala pansi: a Pulani apezanso ntchito. ANangondo anabwerera pamphasa yawo, chakudya chinayambanso kulowa, ndipo khasu lija linasowa mmene linabwerera. A Ganizani atamva kumene madala akugwirira ntchito anabwera kudzawajambula chithunzi phiri lili kumbuyo, n'kumachionetsa kwa makasitomala ngati umboni wa kampani yosamala antchito ake.

Kenako kunabwera chiperoni, kamvula kaja kosagwa kwenikweni komanso kosaleka, kolowa mpaka m'mafupa, Chambe osaoneka ngakhale pang'ono. Alendo anachepa, onyamula katundu anatsala m'makwawo akuotha moto, ndipo pa kabenchi panatsala a Vitorino okha, atafunda pepala la pulasitiki pamodzi ndi laputopu, zala zitauma. Ankajambula chipinda chochezera cha mwini maminibasi wina wa pa Nkando, amene anaumirira kuti m'chipindamo mukhale malo oothera moto.

Ali choncho tsiku lina anamva chifuwa kumbuyo kwawo. Chifuwa chimenecho akanachizindikira ngakhale pakati pa msika. ANangondo ankachokera kuchipatala kukatenga mankhwala a miyendo, ndipo pulasitiki sinabise kanthu kwa munthu amene msana umenewo ankaudziwa kuposa nkhope. Kothawira kunalibe. A Vitorino anaimirira n'kuyang'anizana ndi thunthu la mtengo, tayi ikudontha madzi, ngati mwana wolangidwa kusukulu. Mapazi a mayiwo anaima nthawi yaitali. Kenako anapatukira kumbali monga mwa mwambo, n'kumapita.

A Vitorino anafika kunyumba madzulo mtima utatheratu. Bodza lagwidwa, ndipo mkamwini wonama ndi woipa kuposa wopanda ntchito. Akuvula nsapato zonyowa pakhonde, anamva mawu a apongozi kuchokera kukhitchini, kuseri kwa khoma.

"Jenifer."

"Mayi."

"Uwauze bambo a Isabel kuti kuseri kwa nthochi kuja, pafupi ndi chulu, pali malo. Amangepo chimene amapitira ku Chitakale chija. Khomo liyang'ane kumsewu, mbali ino kukhale khoma lokhalokha. Ine sindinakwatitse mwana wanga kwa munthu woti akafere pamsewu atamanga tayi."

A Yakobo atamva anawiringula kuti mkamwini amamanga nyumba ya mkazi wake, osati yakeyake ya khomo lakelake. Mayi awo anangowafunsa ngati iwo analipo pamene ankaswa mphanje pamalopo, nkhani n'kuthera pomwepo. Netiweki nayonso sinatsutse, pachulupo inalipo ndithu.

Pulani ya kachipinda kamodzi kameneko a Vitorino anaijambula nthawi yaitali kuposa holo ya abusa ija. Zenera analisuntha, nalibweza, nalisunthanso. Anaganizira kumene dzuwa la m'mawa lidzagwere ndi kumene chiperoni chimawombera. Moyo wawo wonse ankamva makasitomala akuti pano ndikufuna pakhale chakuti, iwo n'kumavomera. Tsopano panalibe wowauza, ndipo anapeza kuti kufuna nako ndi ntchito yolemetsa kwa munthu wosaizolowera. Njerwa anaumba okha masiku a Loweruka, mayi Jenifer akutunga madzi. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, malata anakwera, chitseko chinalowa, loko n'kumangidwa.

Lachisanu la sabata yomweyo anapita kumsonkhano wa kuofesi kiyi ili m'thumba, akufuna kuuza bwana wawo kuti Lolemba ayamba kugwirira ntchito kunyumba mwamtendere. Anapeza zoumitsira tsitsi zija kulibe. Mayi wa saluni anali atasamukira kumsika kumene kumadutsa anthu. A Ganizani, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumsonkhano wa akatswiri ku Lilongwe, anaima pakati pa ofesi maso akuwala ngati tsiku lija.

"Anzanga, kafukufuku watsopano wasonyeza kuti nzeru zimabwera anthu akakhala pamodzi. Mutu umodzi susenza denga! Kuyambira Lolemba tonse tizibwera muno tsiku lililonse. Ndife banja limodzi."

Mtsikana wa khanda uja anagwetsa nkhope. A Vitorino anaomba m'manja pamodzi ndi ena, poti ndi zimene munthu amachita bwana akalankhula.

Mawa lake anali m'kachipindamo akusesa fumbi la simenti, osadziwa kuti akusesera chiyani, pamene a Yakobo anatulukira thumba la nandolo lili paphewa.

"Alamu, ndamva kuti mukubwerera ku Chitakale. Nde poti kanyumbaka kalibe ntchito, tisungiremo nandoloyu, matumba ena akubwera. Kiyi muzingosiya kwa mayi."

A Vitorino sanadabwe ndipo sanakwiye. Anali atapisa kale dzanja m'thumba, chifukwa mkamwini amadziwa mathero a zimene wamanga pamalo a eni. Koma kuseri kwa khoma lopanda zenera lija, mbali ya kubwalo, kunamveka chifuwa.

"Yakobo."

"Mayi."

"Wapempha kwa eni ake?"

"Eni ake ati, mayi? Malo ano si athu?"

"Malo anali athu. Nyumbayo ili ndi mwini wake. Tula katundu wakoyo panja, ukaodire ngati munthu woleredwa."

A Yakobo, bambo wa imvi zawo, anatula thumba lija. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, navula chipewa, n'kuima pakhomo lotsegula kale, pamaso pa munthu amene ankamuona bwinobwino.

"Odi kuno, alamu."

A Vitorino anaima tsache lili m'manja. Makomo anajambula ambirimbiri, a matabwa, a zitsulo, a magalasi, koma chibadwire palibe anali ataodirapo pakhomo lawo. Misozi ndiyo inatsogola. A Yakobo anadikira.

"Odini," anatero a Vitorino potsiriza. "Lowani, alamu. Pepani, mpando sindinagule."